Nkhalamba za ku Croft Castle: mitengo yomwe inapulumuka chifukwa cha mpanda ndi mphako

Kumadzulo kwa England, m'chigawo cha Herefordshire chakufupi ndi malire a Wales, kuli esiteti yotchedwa Croft Castle. Wofika koyamba maso ake amathamangira panyumba yamiyala ya nsanja zinayi ndi katchalitchi kali pambali pake. Odziwa malowo sachedwa pamenepo. Amalambalala nyumbayo n'kulowa kumsipu, komwe kwandandalika mitengo ya chestnut pamtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Ikuluikulu yake, anthu anayi ngakhale asanu ogwirana manja ndiye angaizungulire. Khungwa lake ndi lopotana kuchokera pansi mpaka kunthambi, ngati chitenje chimene mayi akufinya kumtsinje. Ina inauma kalekale, yatuwa mbuu, koma ikadali chilili, ndipo palibe wabwera ndi nkhwangwa kudzaiwaza nkhuni. Paesiteti yomweyo pali mtengo wa oak umene amautcha Quarry Oak, womwe akuti uli ndi zaka pafupifupi 1,000.

Oak ndi wachibale wa mtengo uja Baibulo lakale lachichewa limautcha thundu, umene Abisalomu anakodwamo mutu ali pa nyulu. Umabereka njere zolimba zokhala m'kachipewa. Chestnut ndi wina: njere zake zimakhala m'chikhokho chaminga ngati kanungu, ndipo zikaotchedwa pamakala zimakoma ngati mbatata yootcha. Nyengo yozizira amazigulitsa m'misewu ya ku London.

Za mzere wa chestnut wa ku Croft pali nthano imene alendo amauzidwa. Akuti njere zake zinachokera m'zombo zankhondo za ku Spain zomwe zinabwera kudzathira nkhondo England mu 1588 n'kugonja, ndipo akuti mitengoyo inabzalidwa motsanzira mmene zombozo zinafolera panyanja. Nthano ndi nthano, koma imaseketsa mukamva kuti mwini esitetiyo nthawi imeneyo, Sir James Croft, chaka chomwecho anakalowa m'ndende ya Tower of London pomuganizira kuti pa zokambirana za mtendere ankakomera a ku Spain omwewo.

Chodabwitsa chenicheni chili pena. England ndi dziko losauka pa nkhalango: mitengo imangophimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a nthaka yake, pomwe ku France ndi ku Germany imaphimba pafupifupi limodzi mwa magawo atatu. Komatu katswiri wa zomera wa ku Kew (munda waukulu wa zomera wa ku London), Aljos Farjon, atayenda ndi tepi kwa zaka zingapo, anapeza kuti mitengo ya oak ya thunthu lopitirira mamita 9 kuzungulira ilipo yoposa 100 mu England mokha, ndipo maiko ena onse a ku Ulaya kuwaphatikiza pamodzi safika pamenepo. Yambiri mwa mitengoyi siili m'nkhalango zowirira. Ili poyera, m'misipu ya maesiteti ngati Croft, Blenheim, Windsor ndi Moccas. Zinatheka bwanji?

Nkhaniyi imayambira pa nyama ya gwape. Anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066, mafumu awo ndi nduna zawo anakonda kwambiri ulenje, ndipo anabweretsa mtundu wa agwape amawangamawanga oti aziwetedwa m'mipanda. Munthu wolemera ankatchinga dera lalikulu ndi mpanda wa matabwa a oak ong'aluliridwa, kumbuyo kwake n'kukumba ngalande kuti nyama isalumphe. Katswiri wa mbiri ya nkhalango Oliver Rackham anawerengera kuti pofika cha m'ma 1300 mapaki otere analipo pafupifupi 3,200. M'katimo simunkalowa khasu. Munkakhala udzu wa agwape ndi ng'ombe, ndi mitengo yotalikirana yopatsa mthunzi ndi njere. Mtengo wokulira poyera suchita mpikisano wothamangira dzuwa, choncho sutalika kwambiri. Umatambasula nthambi m'mbali n'kumanenepa thunthu chaka ndi chaka. Dera la High Park ku Blenheim, komwe kuli chimulu cha mitengo ya oak yakale kwambiri, linali m'paki yomwe Mfumu Henry I inatchinga ku Woodstock zaka 900 zapitazo.

Nkhwangwa nayo inathandiza, ngakhale zikumveka zotsutsana. Aliyense amene anadulapo bulugamu amadziwa kuti chitsa chimaphukira. Oak ndi chestnut n'chimodzimodzi. Vuto m'paki linali lakuti mphukira zapachitsa agwape ankazibudula zikangotuluka. Ndiye anthu anayamba kudula mtengo m'mwamba, mamita awiri kapena atatu kuchokera pansi, pomwe pakamwa pa chiweto sipafika. Zikapita zaka khumi kapena makumi awiri munthu ankakweranso ndi makwerero kukasadza nthambi zatsopanozo kuti apeze nkhuni, milimo ndi masamba odyetsa ziweto. Mtengo wosadzidwa chonchi Angerezi amautcha pollard. Umakhala wamfupi, wamutu wopepuka, ndipo kusadzako kumaubwezera unyamata nthawi ndi nthawi. Mukaona mtengo wa oak wathunthu lonenepa lomwe pamwamba pake pamachokera nthambi zambiri malo amodzi ngati zala za dzanja, dziwani kuti pamenepo panadutsa nkhwangwa za mibadwo yambiri. Si nkhalamba zonse zomwe zinasadzidwapo, koma zambiri zinatero.

Chotsatira ndi malamulo a cholowa. Pakati pa eni maesiteti a ku England chuma sichinkagawidwa kwa ana onse. Mwana wamwamuna woyamba ankatenga zonse, nyumba, minda ndi paki, ndipo kawirikawiri mapepala ankamumanga manja kuti asagulitse. Banja la a Croft likupezeka kale pamalopo m'kaundula wa Domesday wa 1086, ndipo linakhalapo mpaka 1746 pomwe ngongole zinalikakamiza kugulitsa. Linadzagulanso esitetiyo mu 1923. Kumaiko ena a ku Ulaya kunali zipolowe zolanda malo a olemera, magulu ankhondo ankadutsa n'kumadula chilichonse, ndipo ku Germany kunayamba msanga ulimi wa mitengo wowerengera phindu, umene suona chifukwa chosungira mtengo wokalamba. England anachedwa nazo zimenezo. Bungwe lake la boma loona za nkhalango, Forestry Commission, linakhazikitsidwa mu 1919. Nthawi yonseyo dzikolo linkaotha malasha, ndipo matabwa ambiri linkaitanitsa kunja.

Pamenepa pali mbali imene timabuku ta alendo sitikonda kuitchula. Mpanda womwe unasunga mitengo ndi womwewo unatsekera amphawi kunja. Mu 1723 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina loti Black Act, lomwe linaika chilango chonyongedwa pa milandu yoposa 50, kuphatikizapo kupha gwape m'paki ndi kudula mtengo wobzalidwa pamzere kapena m'munda wa bwana. M'zaka za m'ma 1700 zomwezo inafika fashoni yokonza malo ozungulira nyumba kuti azioneka ngati chilengedwe chosakhudzidwa, ndipo katswiri wake wotchuka anali Capability Brown. Midzi yathunthu inasamutsidwa chifukwa inkatchinga maso a bwana akasuzumira pawindo. Nuneham Courtenay ku Oxfordshire ndi Milton Abbas ku Dorset ndi zitsanzo zodziwika. Nyumba za anthu zinkagumulidwa, koma mitengo ikuluikulu ya m'malire a minda yawo inkasiyidwa, poti mtengo wakale umapangitsa chuma chatsopano kuoneka ngati cha makolo. Mitengo ina imene lero imaima yokha pakati pa udzu wosalala inali pamphambano kapena kuseri kwa khola la munthu.

Nanga zombo? Ana asukulu a ku England amaphunzira kuti dziko lawo linalamulira nyanja ndi zombo za oak, ndipo n'zoona: chombo chankhondo cha HMS Victory chokha, chomwe chinalowa m'madzi mu 1765, chinadya mitengo pafupifupi 6,000, yambiri ya oak. Koma wopanga zombo ankafuna mtengo wa zaka 100 kapena kuposerapo pang'ono, wamkati mwabwino. Mtengo ukadutsa msinkhu umenewo osadulidwa n'kuyamba kufumbwa, mmisiri sankaucheukiranso. Chestnut ndiye amataya phindu lake msanga: akakula kwambiri thabwa lake limang'ambika lokha m'kati motsatira mizere yake, mwakuti ocheka amangoluza mphamvu. N'chifukwa chake ku Kent ndi ku Sussex chestnut amamudula akadali wamng'ono, wa mitengo ya mpanda ndi yoyangira mbewu ya hop yofululira mowa. Yomwe inafika zaka mazanamazana ndi ija inasowa woigula.

Tsopano za mphako, pomwe anthu ambiri amasokonekera. Tikaona mtengo wobooka m'kati timati wafa kapena ukufa. Koma moyo wa mtengo uli kunja, m'kachigawo kopyapyala kapansi pa khungwa ndi m'thabwa lanthete loyandikana nako, momwe mumadutsa madzi ndi chakudya. Mtima wa thunthu ndi nkhuni yakufa kale. Pali mitundu ya bowa yomwe ntchito yake ndi kudya mtima umenewu osakhudza mbali yamoyo. Wina amatuluka pathunthu ngati nthuli ya chiwindi cha ng'ombe, ndipo mukamucheka amakha madzi ofiira ngati magazi. Wina ndi wachikasu, wosanjikizana ngati mashelefu. Amasandutsa mtimawo kukhala timabokosi tofiirira tofumbutuka m'manja, kenako fumbi lakuda ngati manyowa. Mtengowo umapepukidwa, n'kutsala ngati paipi, ndipo paipi sithyoka wamba. Nthawi zina umamera mizu m'kati mwa mphakomo n'kuyamba kudya manyowa a thupi lake lomwe. Amene anakulira kufupi ndi milambe ya kuchigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja sangadabwe nazo: mlambe wobooka moti anthu n'kubisalamo mvula umaberekabe malambe chaka chilichonse. Ku Lincolnshire kuli Bowthorpe Oak, wa mamita oposa 12 kuzungulira, womwe m'mphako mwake mwini malo wa m'zaka za m'ma 1700 anaikamo mipando n'kumadyeramo ndi alendo.

Mtengo wotere ukakalamba umayambanso kufupika. Nthambi zapamwamba zimauma n'kutsala ngati nyanga, ndipo masamba atsopano amatuluka m'munsi, pafupi ndi mizu, pomwe madzi safuna ulendo wautali. Angerezi ali ndi chonena chawo chakuti oak amakula zaka 300, amapuma zaka 300, n'kutha zaka zina 300 akutsazika. Usiku wa pa 15 kucha wa pa 16 Okutobala 1987 mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo pafupifupi 15 miliyoni kumwera kwa England. Anthu atayendera mapaki anapeza mitengo yathanzi, yaitali, yamasamba ambiri ili gone mizu m'mwamba, pomwe nkhalamba zambiri zamphako zinali chiimire. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mphako yomweyo ndi imene imavutitsa owerenga zaka. Mtengo wa kumaiko ozizira umawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse, koma mizere yakale kwambiri ndi ija bowa anadya. Chotsala ndi tepi. Amayeza thunthu pamtunda wa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo lamulo lachidule la katswiri Alan Mitchell limati mtengo wapoyera umanenepa pafupifupi masentimita awiri ndi theka kuzungulira pachaka. Kwa nkhalamba lamuloli silikwanira, chifukwa kunenepa kumachepa ndi ukalamba, ndipo mu 1998 John White wa ku Forestry Commission anakonza masamu ena oganizira zimenezo. Ngakhale zili choncho, mukamva kuti mtengo uli ndi zaka 1,000 muzisiya malo a zaka 200 uku ndi uku. Eni maesiteti nawo sadana ndi nambala yaikulu.

Chitsanzo chabwino ndi chestnut wa ku Tortworth, ku Gloucestershire, pafupi ndi tchalitchi cha St Leonard. Chikwangwani chake chimati pa 1 Januwale 1800 mtengowo unali ndi zaka 600, pomwe nthano ina imaubweza mpaka chaka cha 800. Nthambi zake zinagwada mpaka pansi, n'kumera mizu, n'kukhala mitengo paokha, mwakuti lero munthu amaona ngati kankhalango pomwe ndi mtengo umodzi. Ndiye zaka zake muwerenga za thunthu liti? Ngakhale za kumene chestnut anachokera zasintha posachedwapa. Kwa nthawi yaitali ankaphunzitsa kuti anabwera ndi Aroma. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Rob Jarman anaunikanso zofukulidwa pansi zonse n'kupeza kuti palibe chosonyeza kuti Aroma anaubzala ku Britain. Zolembedwa zodalirika zimayamba m'zaka za m'ma 1100, monga pomwe Mfumu Henry II inapatsa amonke a ku Flaxley chakhumi cha njere za chestnut za m'nkhalango ya Dean.

Chimene chimapangitsa akatswiri kuda nkhawa ndi mitengoyi si kukongola kwake kokha. Kafukufuku wa mu 2019 anawerenga mitundu 2,300 ya zamoyo zomwe zimapezeka pa oak ku Britain, ndipo 326 mwa izo sizingakhale pamtengo wina uliwonse. Mileme ndi akadzidzi amagona m'mphako, ndere zosowa zimamera pakhungwa lakale louma, koma eni nyumba enieni ndi tizikumbu tomwe mphutsi zake zimakulira m'fumbi lakuda lija. Ku Moccas Park, mu Herefordshire momwemo, kuli kachikumbu kakang'ono kuposa njere ya mpunga komwe ku Britain konse kamadziwika pa mitengo yowerengeka ya m'paki imeneyo basi. Tizilombo totere touluka pang'ono sitingasamukire kutali. Mtengo wawo ukatha popanda wina wamphako pafupi, nato tatha.

Zaka 100 zapitazi ndi zomwe zinawononga kwambiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mapaki ambiri analimidwa kuti dziko lipeze chakudya, ndipo pulawo inadula mizu, yomwe pa mitengoyi imayenda m'mwamba mwenimweni mwa nthaka n'kufika kutali kupitirira nthambi. Misonkho ya chuma chamasiye inagwetsa mabanja ambiri, nyumba mazanamazana zinagumulidwa, ndipo zina zinaperekedwa ku bungwe losamalira malo akale la National Trust, lomwe linalandira Croft mu 1957. M'malo ambiri, kuphatikizapo mbali ina ya Croft, munabzalidwa paini ndi mitengo ina yokula msanga kuzungulira nkhalamba zozolowera dzuwa, ndipo zinafa ndi mthunzi. Zina zinaphedwa ndi ukhondo: woyang'anira malo akaona nthambi youma ankaidula, akaona mphako ankaithira simenti.

Chikondi nacho chimapha. Major Oak wa ku Sherwood, uja amati ankabisalamo Robin Hood, chigawenga cha m'nthano zawo, anafooka chifukwa cha mapazi a alendo omwe anapondaponda nthaka mpaka kuuma gwaa ngati bwalo la mpira, mizu n'kusowa mpweya. Kuyambira m'ma 1970 anamutchingira mpanda, ndipo nthambi zake zagona pa mizati. Phunziro la nthaka linadziwika bwino mwangozi ku Kew pa mkuntho wa 1987 uja. Mtengo wotchedwa Turner's Oak, womwe unali wofooka, mphepo inauzula pang'ono n'kuubwezera m'dzenje lake lomwelo. M'malo mofa unatsitsimuka, chifukwa nthaka inali itagalauka. Kuchokera pamenepo anayamba kupopera mpweya m'nthaka yozungulira mitengo yakale.

Kasamalidwe ka masiku ano, kwakukulu, ndi kuletsa manja. Malangizo a boma amati kuzungulira mtengo wakale pasiyidwe malo otalika kuchulukitsa ka 15 kukula kwa thunthu lake modutsa pakati, osalimapo, osaimikapo galimoto, osathirapo feteleza, osaikapo chomwera ng'ombe. Nthambi ikagwa imasiyidwa pomwepo kuti iwole. Njira ya alendo ikadutsa pansi pa nthambi yoopsa amasuntha njirayo. Paini wotchinga dzuwa amamuchotsa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, chifukwa khungwa lozolowera mthunzi likaonekera padzuwa mwadzidzidzi limapsa. Lamulo lokha ndi lomwe latsalira: nyumba yakale ili ndi chitetezo chake m'kaundula wa boma, koma mtengo wa zaka 500 ulibe pokhapokha khonsolo itauikira chiletso chapadera kapena uli m'dera lotetezedwa. Mu Epulo 2025 oak wa zaka pafupifupi 500 wa ku Whitewebbs Park, kumpoto kwa London, anadulidwa nthambi zonse ndi makina, ndipo chiletso chinaikidwa zitachitika kale. Bungwe la Woodland Trust lili ndi kaundula wa mitengo yakale wolembedwa ndi anthu ongodzipereka, koma ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham mu 2022 anawerengera kuti mitengo yotere ingakhalepo pakati pa 1.7 ndi 2.1 miliyoni mu England, kutanthauza kuti yolembedwa ndi kachigawo chabe.

Ma chestnut otuwa a ku Croft aja akuphedwa ndi matenda a mizu obwera ndi kachilombo ka m'nthaka yonyowa kotchedwa Phytophthora, omwe amatulutsa madzi akuda ngati inki patsinde. Matenda ena a chestnut, aja anapha mitengo mabiliyoni ku America kuyambira 1904, anapezeka ku England mu 2011. Oak nayenso ali ndi ake, a mabakiteriya ochititsa khungwa kukha madzi akuda.

Koma vuto louma kuposa onse ndi la mibadwo. Mukayenda m'mapaki ambiri mupeza nkhalamba za zaka 400 kupita m'tsogolo, ndi timitengo tobzalidwa dzulodzuloli tili m'zitetezo zamatabwa. Pakatipa palibe, chifukwa kwa zaka zambiri ziweto zinachuluka, zitsamba zaminga zomwe zinkateteza mbande zinalambulidwa, ndipo agologolo otuwa ochokera ku America amasenda makungwa a mitengo yaing'ono. Kale mbalame ya jay, yachibale cha khwangwala, inkakwirira njere za oak m'mbali mwa minga n'kuiwala zina, mtengo n'kumera motetezeka. Kafukufuku wa ku Sweden anapeza kuti pa mitengo ya oak yosakwana zaka 100, wamphako safika ndi umodzi womwe pa 100 iliyonse. Pa zaka 200 mpaka 300 ndi theka, ndipo pa zaka 400 ndi yonse. Mbande yobzalidwa chaka chino, tizikumbu tija tidzaipeza yokhalamo cha m'ma 2250.

Pofuna kufupikitsa nthawi imeneyi, ogwira ntchito m'mapaki ena ayamba kuvulaza dala mitengo yathanzi ya zaka 50 kapena 100. Munthu amakwera ndi makina ochekera, n'kuboola dzenje longa la gogomole, kung'amba nthambi kuti isiye bala lokhadzuka ngati la mphepo, kapena kusenda khungwa patsinde monga angachitire hatchi. Ena amakhomera pamtengo bokosi lodzaza utuchi, masamba ndi zitosi za nkhuku kuti likhale ngati mphako. Kenako amakhoma kanambala kachitsulo pathunthu, n'kulemba tsiku m'kaundula, kuti amene adzagwire ntchitoyo iwo atapuma adzadziwe mtengo woti akasuzumiremo.